Mfumu Ndamvakale Iletsa Cheza

Ku ufumu wa Zilibwino zinthu sizilakwika. Sizingalakwike n'komwe, chifukwa dzina la dzikolo linasokedwa kale pa mbendera, ndipo kusintha mbendera ndi chintchito. Mlatho ukagwa, kumeneko amati wakhala pansi. Njala ikavuta, amati anthu akusala kudya mwa kufuna kwawo. Choncho Lachiwiri lija, pamene fakitale yopanga magetsi a nyukiliya ya Chiwalitsadziko inaphulika, denga lake n'kukatera m'munda wa chinangwa kutsidya kwa msewu, wailesi ya boma inalengeza kuti fakitaleyo yatsokomola pang'ono koma ikupezako bwino.

Chimene chinatsala m'kati mwa fakitalemo chinali chotentha koopsa, moti akatswiri anayamba kuchithira madzi osalekeza. Madziwo atadzaza matanki onse, panabuka funso loti apite nawo kuti. Yankho silinali patali, pakuti nyanja yamchere ya Mezazonse inali kuseri kwa mpanda. Anakumba ngalande, anaikamo chimpope choti ng'ombe n'kulowamo, ndipo kuyambira tsiku limenelo madzi ofunda ankakhuthukira m'nyanja pafupi ndi doko la Tingodya, kumene dziko lonse limagula nsomba.

Asodzi anaukonda mpopewo. Pakamwa pake nsomba zinkaunjikana kudzamva kufunda, ndipo zinali nsomba zaulemu, zosathawa ukonde.

Wamkulu wa amayi ogulitsa nsomba pamsika wa Tingodya anali Mayi Elube Kanjedza. Anali atakhala pabenchi lawo zaka makumi atatu ndi mphambu, ndipo pakamwa pawo panalibe wopikisana napo. Munthu wobwera kudzanenerera ankachoka atagula milu iwiri, atakumbutsidwanso zimene agogo ake anachita pa ukwati wa eni ake. Mwana anali naye mmodzi yekha, Tinyade, amene anakhala pabanja zaka zisanu ndi ziwiri wopanda mphatso. Tsopano anali woyembekezera, miyezi isanu, ndipo mimbayo sinkafuna kumva za ndiwo ina koma kalapawu wootcha. M'mawa uliwonse Mayi Elube ankamusankhira wonona kwambiri, wogwidwa pakamwa pa mpope.

Tsiku lina pamsikapo panatulukira a Mkwezalamba, mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, atanyamula kabokosi kachikasu kokhala ndi chingwe. Atakayandikitsa pa mulu wa tomato kanangoti tche, n'kukhala chete, papitepo nthawi n'kudzatinso tche. Atakayandikitsa pa nsomba za Mayi Elube kanayamba kulira mosapumira ngati nkhululu m'dzinja. Kuyambira pomwepo msika wonse unkakatchula kuti kankhululu.

"Aphunzitsi, kanthu kanuka kakuzinenera zotani nsomba zanga?" anafunsa Mayi Elube.

"Kakuti muli cheza, mayi."

"Cheza? Nsomba zakufa zicheza ndi ndani?"

Amayi a m'mabenchi oyandikana anaseka mpaka kugwirana. A Mkwezalamba sanaseke nawo.

"Sindikunena kucheza kwa pakamwa ayi. Ndikunena cheza, chonga chija amaotchera chotupa ku chipatala chachikulu. Koma ichi chathawa m'fakitale muja, chalowa m'madzi, m'madzimo chalowa m'nsomba. Sichioneka, sichinunkha. Mchere sichiuopa, moto sichiuopa. Ukachidya chimakhazikika m'thupi n'kumagwira ntchito yake pang'onopang'ono."

"Nanga mwana amene ali m'mimba?" anafunsa Mayi Elube.

Aphunzitsiwo anayang'ana pansi, n'kuyamba kukulunga chingwe cha kabokosi kawo ngati ndi ntchito yofunika kwambiri. "Ameneyo ndiye timamuopera kuposa tonsefe," anatero.

Mayi Elube anayang'ana nsomba zawo zija. Miyezi iwiri yathunthu anali akudyetsa mwana wawo zimenezi, ndi dzanja lawo, akunyadira kuti amadziwa kusankha. Tsiku lomwelo anakwirira nsomba zonse m'dzenje, ndipo mawa lake pabenchi lawo panali kabichi. Tinyade analira, anadandaula, koma amayi ake sanasunthe. Komabe kabichi sakanatseka mpope. Ndiye Mayi Elube anayenda benchi ndi benchi, ena kuwanyengerera, ena kuwakalipira, mpaka anakhazikitsa gulu lotchedwa Tsekani Mpope. Anadula makatoni, analembapo ndi makala, ndipo Lolemba lotsatira amayi oposa zana anayenda wapansi mpaka ku likulu la Mawamawa, akuimba kuti cheza chawakwana.

A Mkwezalamba anali atalemba chikalata cha masamba khumi ndi awiri, chodzaza ndi manambala. Mlonda wa pachipata cha nyumba yachifumu anachiyesa kulemera m'manja, n'kuwabwezera.

"Mwinidziko amawerenga mzere umodzi basi," anatero mlondayo. "Ndipo makatoni anuwa muwasiye pano, tiyatsira mbaula."

Mayi Elube sanafune kubwerera manja m'khosi. Anatembenuza tsamba lomaliza, n'kuuza aphunzitsi kuti alembe kuseri kwake mawu awa: Mwinidziko, cheza chatipha kunyanja ndi kumsika, chiletseni.

Mfumu Ndamvakale Yachitatu inalandira kapepalako ili pakati pa nduna zake. Dzina limeneli inalipeza chifukwa cha mphatso yake yomvetsa nkhani wolankhula asanafike pakati. Kudzanja lake lamanja kunkakhala a Tonthozani, Nduna ya Bata ndi Kuziziritsa Mitima, amene analinso apongozi ake a mfumu, zinthu ziwiri zimene nyuzipepala ya boma inkati zinangochitika mwangozi. A Tonthozani ankadziwa bwino lomwe kuti cheza n'chiyani. Ndiwo anasainira zokumba ngalande ija, ndipo chitsokomolereni fakitale, kunyumba kwawo kunkadyedwa mbuzi ndi nsomba za m'damu la kumapiri basi.

"Cheza chimenechi n'chiyani?" inafunsa mfumu.

Nduna ya Zamagetsi inadzuka. "Mwinidziko, cheza ndi mphamvu imene imatuluka pamene..."

"Ndamva kale. Apongozi, inu mukuti bwanji?"

A Tonthozani anatenga kapepalako, anakaunika, kenako anamwetulira ngati munthu amene wapeza khomo m'nyumba yoyaka.

"Mwinidziko, amayiwa sukulu anailekeza panjira. Aiwala kulemba ku koyambirira. Akufuna kunena kuti kucheza. Kumsika kuja anthu amacheza mopitirira muyeso. Miseche, mabodza onamizira fakitale yathu, nkhani zopanda mutu. Amayi odzisunga atopa nazo. Akupempha kuti muwapumulitse."

Mfumu inalengeza misozi m'maso. "Anthu anga ayenda mtunda wonsewu kudzapempha okha kuti ndiwatseke pakamwa? Bambo anga analamulira zaka makumi anayi osakumana ndi mwayi wotere."

Nduna zonse zinaomba m'manja, ndipo ya Zamagetsi inaomba kwambiri kuposa zinzake pofuna kuti kudzuka kwake kuja kuiwalike.

Lamulo linafika ku Tingodya amayi aja asanafike. Linkati, pomvera pempho la anthu, monga limachitira boma lomva, kucheza kwaletsedwa kuyambira padoko mpaka pachipata cha msika. Zololedwa zinali zitatu: kutchula dzina la malonda, kutchula mtengo wake, ndi kuyankha funso la wamkulu. Moni unaloledwa mpaka pa "ndili bwino". Akadaulo a malamulo anapeza kuti "kaya inu" ndiye khomo la kucheza konse. Wolakwa ankakasesa bwalo la mfumu sabata imodzi.

Woyang'anira lamuloli anali Sajeni Tcherani, wapolisi wokhulupirika amene ankakhulupirira kuti chilichonse cholembedwa pa pepala la chidindo chinatsika kumwamba. Woyamba kugwidwa anali Mayi Nanyoni ogulitsa mchere, chifukwa chouza kasitomala kuti pepani ndi maliro. Atabwerako kosesa, anaima kunja kwa chipata, kumene lamulo silinkafika, n'kuuza anzawo kuti: "Bambo a kwathu akhala akupempherera lamuloli zaka makumi awiri. Akungodandaula kuti bwanji silinafike kunyumba."

Mayi Elube anakhala pa kabichi wawo mtima ukuwira. Anapita kukapempha kuti mpope utsekedwe, n'kubwerako atatseka pakamwa pa msika wonse, pomwe pakamwapo ndi pamene panali chida chawo. Komabe anapeza kampata. Akaona mayi wa mwana kumbuyo akulunjika pa nsomba, ankangotchula kuti, "Kalapawu," ndi mawu aja amalengezera maliro. Sajeni Tcherani anafufuza m'pepala lake kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma sanapezemo ndime yoletsa kutchula dzina la nsomba mwachisoni. Ena ankamva n'kubwerera. Ambiri ankagulabe, poti nsomba za kumpope zinali zambiri ndipo wailesi inali itanena kuti zili bwino.

A Mkwezalamba nawo anayesa yawo njira. Anayenda mumsika pakamwa ali tseke, kankhululu kali m'manja. Kanayamba kulira.

"Akucheza ndani kumeneko?" anakuwa Sajeni.

Aphunzitsi analoza kabokosi.

"Kakucheza ndi ndani?"

Aphunzitsi analoza nsomba.

Sajeni anaganiza mozama. Nsombazo anazikhululukira poona kuti zinali zitafa kale, koma kankhululu anakamanga. Popeza kanalibe manja ogwirira tsache, chilango chake sichikanatheka, choncho anakatsekera m'chitokosi mpaka tsiku limene kadzamere manja.

Mwezi wotsatira kunabwera alendo a bungwe la maiko oyandikana, amene anamva mphekesera zoti nyanja yaipa. A Tonthozani anawayendetsa mumsika ndi womasulira. Mkulu wa alendowo anaima pa mchere wa Mayi Nanyoni, n'kufunsa kudzera mwa womasulirayo ngati kuno kuli cheza.

"Kunali kale, bwana," anayankha Mayi Nanyoni. "Masiku ano tikungoyang'anana."

Alendo analemba m'mabuku awo, anathokoza, n'kupita kukadya mbuzi kwa anduna. Madzulo ake wailesi inalengeza kuti akatswiri akunja atsimikiza kuti cheza ku Tingodya chatheratu.

Mpope unkakhuthulabe. M'mawa uliwonse Mayi Elube ankadzera kugombe kukauona, ngati kuti kuuyang'anitsitsa kungauchititse manyazi. Tinyade anali atalowa mwezi wachisanu ndi chitatu. Mwana akagunda m'mimba, Tinyade ankaseka n'kuitana amayi ake kuti adzagwire. Iwo ankagwira, ankasekanso, koma m'kati anali ndi mantha osaneneka, ndiponso ankadziimba mlandu.

Kenako linafika Tsiku la Nsomba Yoyamba. Mwambo wa ku Zilibwino umati chaka chilichonse mfumu itsikire ku Tingodya, wamkulu wa amayi a nsomba aiotchere nsomba pamaso pa anthu, iyo idye, nyengo ya usodzi itseguke. A Tonthozani anaona kuti uwu ndi mwayi wotsekera nkhani yonse, ndipo anaitana wailesi kuti iulutse mwambowo uli m'kati. M'mawa wa tsikulo anyamata awo awiri anatula bokosi la ayezi pabenchi la Mayi Elube, mmodzi n'kunena kuti, "Muotche izi." Mayiwo anatsegula, ananunkhiza kamodzi. Anali makumba a m'damu, onunkha matope a kumapiri. Sananene kanthu, poti kunena kukanakhala kucheza. Anayatsa mbaula ziwiri.

Mfumu inafika dzuwa lili pamutu, ndi ng'oma ndi maambulera. Pambali pake panali Mfumukazi Lonjezo, mwana wa a Tonthozani, amene anali asanaonekere pagulu kwa miyezi ingapo. Atatsika m'galimoto anthu anaona chifukwa chake. Nayenso anali woyembekezera, wotopa ndithu.

Mfumu inafunsa funso la mwambo: "Mayi wa msika, nyanja yatipatsa chiyani chaka chino?"

Limeneli linali funso la wamkulu, ndipo kuliyankha kunali kololedwa. Mayi Elube anagwada ndi mbale ziwiri.

"Mwinidziko, mbale iyi ndi makumba a m'damu amene anduna anditumizira kuti ndikuotchereni. Koma ine ndaona kuti n'kupanda ulemu kudyetsa mwini nyanja nsomba za m'matope. Ndiye mbale iyi ndi kalapawu wathu weniweni, wogwidwa m'mawa uno pakamwa penipeni pa mpope. Paja cheza munachiletsa."

"Ndinachiletsadi," inatero mfumu mosangalala. "Apongozi, mumafuna ndidye za m'damu pa tsiku la nyanja? Chotsani izo." Kenako inatembenukira kwa mkazi wake. "Mfumukazi yakhala ikulirira kalapawu miyezi itatu, koma bambo akewa amangoti wasowa. Lero iyambe ndi iyo."

Izi Mayi Elube sanaziyembekezere. Iwo ankafuna kuona nkhope ya anduna pamene mfumu ikutafuna. Tsopano patsogolo pawo panali mwana wamkazi wa msinkhu wa Tinyade, mapazi otupa ngati a Tinyade, akumwetulira mbale ndi njala yomweyo. Anagwiritsa m'mphepete mwa mbaleyo, n'kudziuza mumtima kuti awerenga mpaka katatu, akafika pamenepo aitayira pansi, za mpope zikhale zolephereka.

Mfumukazi inabenthula kachidutswa. Kamodzi. A Tonthozani anali atanyowa thukuta, maso ali pa wailesi, kenako pa mfumu, kenako pa mimba ya mwana wawo. Mfumukazi inauzira kachidutswako kuti kazizire. Kawiri.

"Lonjezo, mwana wanga, usadye! Muli cheza!"

Msika umene anduna anautontholetsa okha unawabwezera zabwino zake. Munali zii, moti mawu awo anamveka mpaka padoko, ndipo wailesi inawafikitsa m'nyumba iliyonse ya mu ufumuwo.

"Cheza?" inafunsa mfumu. "Si tinaletsa?"

"Osati icho, Mwinidziko. Chinacho, chenichenicho, chotuluka kumpope. Chimapha. Chimawononga ana m'mimba."

Anthu anadikira kuti mfumu inene kuti yamva kale. Sinanene. Inangokhala kukamwa yasa, ikuyang'ana apongozi ake.

Mfumukazi inabweza kachidutswa kaja m'mbale pang'onopang'ono, n'kupukuta zala pa chitenje. Inayang'ana Mayi Elube, amene anali chigwadire, dzanja lili pambale.

"Amayi, inu mumadziwa zimenezi?"

"Wanga wadya miyezi iwiri, mama. Ndinkamusankhira ndine."

Apa Sajeni Tcherani anasendera kutsogolo ndi pepala lake. Anali atatsatira zonse mosamala. Mawu achiwiri a anduna anali yankho la funso la mfumu, choncho analibe mlandu. Koma oyamba aja panalibe anawafunsa, sanali dzina la malonda, sanali mtengo. Kunali kucheza koonekeratu. Anawagwira pamkono mwaulemu.

Akudutsa nawo pachipata, Mayi Nanyoni anathamangira kunja kwa mpanda kuti alankhule mwalamulo. "Tsache limakhala kuseri kwa chitseko, bwana," anatero. "Muyambire kumpoto, n'kumene kumagwa masamba ambiri."

Mpope unatsekedwa tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Zinapezeka kuti unali ndi chogudumuza chimodzi chimene munthu mmodzi akanatha kuchipotokola, ndipo malo omangapo matanki ena analipo ambirimbiri. Wailesi inalengeza kuti mfumu, mwa nzeru zake zakuya, yatulukira cheza chachiwiri chimene akatswiri onse anachiphonya. Gulu la Tsekani Mpope silinatchulidwe. Lamulo loletsa kucheza silinafafanizidwe, chifukwa kufafaniza lamulo n'kuvomera kuti linalakwika, koma Sajeni anasamutsidwira ku malire ndipo msika unayambiranso phokoso lake. Zimene zinathiridwa m'nyanja zinatsala momwemo. A Mkwezalamba anati zina mwa izo zidzafunika zaka makumi atatu kuti mphamvu yake ingotsika ndi theka.

Tinyade anachira patatha masabata atatu, mwana wamkazi. Mayi Elube anamulandira, anawerenga zala za m'manja, za kumapazi, n'kubwerezanso. Sabata yomweyo ku nyumba yachifumu kunabadwa mwana wamwamuna, ndipo pokondwerera mfumu inakhululukira akaidi onse. Pakati pawo panatuluka kankhululu, kali ndi fumbi, mabatire atatha.

Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, nyumba ya Tinyade inadzaza amayi a kumsika. Ankalankhula onse nthawi imodzi, kubweza miyezi yonse ija. A Mkwezalamba anafika ndi kabokosi kawo atakaika mabatire atsopano, poti Mayi Elube anawatumizira uthenga katatu.

"Mayi, kanthuka sikaona zonse," anatero aphunzitsi. "Za m'kati mwa thupi zimafuna makina a kuchipatala."

"Yezani basi, aphunzitsi."

Anakayatsa, n'kukayandikitsa pa kamwanako, kamene kanali mtulo m'manja mwa agogo ake. Phokoso linaduka. Kankhululu kanati tche. Panapita nthawi yaitali. Kanatinso tche.

"Icho n'cha masiku onse," anatero a Mkwezalamba. "Chimapezeka paliponse, ngati pa tomato paja."

Nthungululu zinaphulika, Tinyade analira ndi chimwemwe, Mayi Nanyoni anayamba nyimbo. Mayi Elube okha sanasunthe. Maso awo anali pa kabokosi.

"Ndiye kuti ali bwino?"

"Lero ali bwino, mayi."

"Nanga mawa?"

Aphunzitsi anayamba kukulunga chingwe chija. "Zina tidzaziona akamakula."

Mayi Elube anafungatira mdzukulu wawo, anamufunditsa bwino kumapazi, n'kumusendezanso kufupi ndi kabokosiko.

"Yezaninso," anatero.

Panalibe wapolisi, panalibe pepala la chidindo, koma m'nyumba monsemo simunamveke wocheza.